Mlendo Wochokera M'chaminga

Dowa, 1966

Za ubwana wanga sindilemba, ana anga. Munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazikamba bwino kuposa ine. Ndiyambira pa ntchito.

Ntchito ya zankhalango ndinaiyambira ku Dowa, pa nazale yaing'ono imene inali kumunsi kwa boma, m'mbali mwa kamtsinje. Ndinafika ndi sutikesi yathabwa, bulangete limodzi, ndi amayi anu ali ndi pakati pa Luwisi. Ndinkafesa mbewu za bulugamu ndi paini, kuokera mbande m'machubu, ndi kuyang'anira anthu othirira. Bwana wanga woyamba, a Chimwaza, anali munthu wabwino mtima koma wokonda kukhala pansi. Ine ayi. Chiyambire unyamata wanga sindinkatha kukhazikika. Ndikamaliza ntchito ya lero ndinkayamba kuzungulira m'mizere kufunafuna ya mawa. A Chimwaza ankandiyang'ana ali pampando wawo pansi pa mtengo wa mango n'kunena kuti, "A Mbewe, mukundichititsa chizungulire. Takhalani pansi, mbandezo sizithawa."

Vuto lathu lalikulu linali mbuzi za m'midzi yoyandikana nafe. Waya waminga tinkaupempha chaka ndi chaka, ndipo yankho linali limodzimodzi, lakuti ukubwera. Tinamanga mpanda wa nsungwi, chiswe chinadya. Tinamanga wa udzu, mbuzi zinadya mpandawo kenako n'kudya mbande. Ndinadandaula mpaka a Chimwaza anatopa nane. Malo atapezeka ku Ntchisi, anatchula dzina langa iwo eni. Ponditsanzika anati, "Kumeneko kuli phiri. Muzikakwera ndi kutsika mpaka mtima wanuwo ukhale m'malo."

Phiri la Ntchisi, 1969

Anandikweza kukhala kapitawo, n'kutipatsa nyumba ya njerwa pamwamba pa nazale, pamene nkhalango imayambira. Kunkazizira moti amayi anu analira mwezi woyamba wonse. M'mawa nkhungu inkatsika m'phirimo n'kuphimba chilichonse, ndipo zovala zikachapidwa zinkatha masiku zili zonyowa. Bwana wa kumeneko anali a Msiska, munthu wa kumpoto, wamtali, woonda, wosankha mawu asanayankhule. Waya kunalibenso, ndipo pamwamba pa mbuzi kunali ng'ombe ndi nguluwe.

Tsiku lina a Msiska ananditenga n'kukwera nane kukhwawa lina pamwamba pa nyumba yathu. Anandiloza chitsamba chimene chinadzaza khwawalo mbali zonse ziwiri, chachitali kuposa munthu. Masamba ake anali aatali ngati kuchokera m'manja kufika pachigongono, obiriwira kwambiri, a m'mphepete mong'ambikang'ambika, ndipo nsonga iliyonse inali ndi munga wake. Pamwamba panali maluwa ataima chilili m'magulu, ofiirira ngati mkati mwa gwafa, njuchi ndi timbalame ta milomo yaitali zili piringupiringu.

"Talowanimo," anatero.

Ndinangoika mwendo umodzi n'kubwerera ndikutukwana.

"Ngati inu simungalowe, mbuzi nayo siingalowe," anatero a Msiska. "Waya wathu ndi ameneyu. Chatsala n'chakuti tidziwe kabzalidwe kake, pakuti inenso sindikudziwa."

Dzina lake lenileni sindinalipeze. Aliyense amene ndinamufunsa ananena lakelake, ndipo panazale tinkangochitcha chaminga. Kabzalidwe kake tinakaphunzira molephera kambirimbiri. Mbewu zake zinali zovuta kutola, chifukwa makoko ake akauma amaphulika okha n'kumwaza mbewu kutali. Tinayamba kudula timitengo take n'kumazika, ndipo tinapeza kuti tanthete timaola, tokhwimitsa sitiphuka, koma tapakatikati timagwira tikazikidwa ndi mvula yoyamba. Chimafuna dothi lakuda la masamba oola, lonyowa koma losadikha madzi. Mkatikati mwa nkhalango, mumdima, chimangotalika n'kuwonda osachita maluwa. Pamtetete, pamene dzuwa ndi mphepo zimamenya tsiku lonse, masamba ake amapsa m'mphepete n'kuthothoka. Malo ake ndi m'mphepete mwa nkhalango, pamene dzuwa limafika m'mawa, masana n'kukhala mthunzi, ndiponso pamene nkhungu imakonda kugona. Pofika chaka chachiwiri, mbali ya kumtunda ya nazale yathu inali ndi mpanda wamoyo, ndipo nguluwe zinkaulambalala.

Titaona choncho tinaganiza zokachibzalanso ku nazale ina ya ku Malomo. Ndinapalasa njinga kangapo nditamanga timitengoto m'masaka onyowa. Kumeneko n'kotsika ndi kotentha, dothi lake lamchenga, ndipo tonse tinauma. Koma ndi kumene ndinadziwana ndi Yelemiya, mnyamata wokhoma zidebe amene ankatikonzera makeni othiririra. Anali wansangala, wokonda kuseka. Mkazi wake, Esinati, ankagulitsa zitumbuwa pambali pa shedi yake. Ataona timitengo tanga touma, Yelemiya anati, "A Kapitawo, chimenechi n'cha kumapiri. Kuno chikumva kutentha ngati inu nomwe, taonani thukuta." Tsiku lina anabweretsa makeni kuphiri, ndipo ine, pofuna kumuonetsa kuti sindine wolephera, ndinakwera naye kukhwawa lija. Ndinali nditadula kanjira kokwawa kolowa mkati mwa chitsambacho, chifukwa timitengo toongoka bwino tinali pakati. Pakatipo panali thanthwe lalikulu lathyathyathya ndi kamadzi kodontha pamwala. Tinakhala pamenepo n'kudya nthochi, iye akudabwa kuti kunja sikukuoneka.

Phiri la Ntchisi, 1972

Inu munali ana aang'ono nthawi imeneyo, choncho ndifotokoze pang'ono. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo munthu aliyense ankayenera kukhala ndi khadi lake. Pamsika, pokwera basi, ngakhale pachipatala nthawi zina, anyamata a chipani ankaima n'kumafunsa khadi. Ine ndinali nalo, amayi anu anali nalo. Koma kunali anthu a mpingo wina amene ankakana kuligula, akuti chikhulupiriro chawo sichilola. Chaka chimenecho anthu amenewa anaona zoopsa. Ankachotsedwa ntchito, nyumba zawo zinkatenthedwa, ankamenyedwa, ndipo ambiri anathawira kunja kwa dziko. Ndinamva kwa othirira kuti shedi ya Yelemiya ku Malomo yaphwanyidwa. Mpaka tsiku limenelo sindinkadziwa n'komwe kuti ndi wa mpingo umenewo. Ndinangoti pepa mumtima n'kupitiriza ntchito, monga tinkachitira tonse.

M'nyengo yotentha, mvula ili pafupi, ndinakwera kukhwawa kukaona timitengo toti tidzadule. Pakhomo pa kanjira kanga ndinaona ulusi wa nsalu utakodwa paminga. Ndinakwawa kulowa. Pathanthwe paja panali Yelemiya, diso limodzi litatupa mpaka kutsekeka, ndi Esinati atatsamira mwala, ali ndi pakati potopa. Mikono ndi miyendo yawo inali yokandikakandika ndi minga.

"A Kapitawo, mutikhululukire," anatero Yelemiya. "Tinalibe kwina."

"Iwe, ukudziwa kuti ano ndi malo a boma? Ukudziwa kuti ine ndili ndi ana?"

"Ndikudziwa. Anzathu anapita kumalire, koma awa sangayende ulendo umenewo. Akangochira, tichoka."

"Achirira pano? Pamwala?"

Ndinatuluka ndili ndi mkwiyo, ndipo kunena zoona ndinatsika phirilo ndikuganiza zokauza a Msiska kuti zichoke m'manja mwanga. Ndinafika mpaka pakhomo pa ofesi n'kubwerera. Masana ndinakweranso ndi mbatata zophika ndi mtedza m'thumba la jekete.

Ndinachita zimenezi masiku angapo osauza amayi anu. Ndinkatenga zakudya m'nyumba ngati wakuba. Pantchito sindinkamva zimene anthu ankandiuza. Ndinkalowa m'nazale, kutuluka, kuyang'ana kumsewu, kuyang'ana kuphiri, kubwereranso. Galimoto ikalira kumunsi, ndinkasiya chilichonse n'kukasuzumira. Tsiku lina ndinawauza awiriwo maganizo amene ndinkaona ngati anzeru.

"Makhadiwo ndikakugulirani ine. Simupitako inu, simunena chilichonse. Mungowasunga m'thumba basi, ndipo mawa mutsika ngati anthu."

Amene anayankha anali Esinati, motsitsa mawu, akuyang'ana pansi. "Bambo, mwatichitira zazikulu. Koma limenelo sitingaligwire."

"Ndi kapepala chabe, mayi! Mukufuna mwanayo abadwire m'minga chifukwa cha kapepala?"

"Likanakhala kapepala chabe, sakanatiotchera nyumba."

Mkwiyo wanga sunathe. Mpaka lero sindinganene kuti ndinawamvetsa. Ndinkaona kuti iwo akusunga chikhulupiriro chawo, koma khosi limene lili pampeni ndi langa.

Amayi anu anandigwira tsiku limene ndinatenga chitenje chawo chakale. Anandipeza kuseri kwa nyumba ndikuchipinda. "A Mbewe, ufa ukutha, mtedza ukutha, lero chitenje. Mwapeza mkazi wina kuphiriko?" Ndinawauza zonse. Anakhala pansi pamwala wochapira. Kenako anandifunsa kuti mimbayo ndi ya miyezi ingati. Nditati sindikudziwa, anati, "Inde, mungadziwe bwanji," n'kulowa m'nyumba.

Mawa lake masana kunabwera tcheyamani wa chipani wa dera limenelo ndi gulu la anyamata onyamula zibonga. Wina wotola nkhuni anali ataona mapazi a anthu kukhwawa. A Msiska anandiitana kuti nditsogolere, popeza phirilo ndinkalidziwa ndine. Ndinawapititsa mbali ya kutsidya, kutali ndi kanjira kanga, kumene chaminga chinali chothithikana kwambiri. Anyamata aja anali ndi makabudula, ena opanda nsapato. Awiri anayesa kulowa n'kubwerera akutsimphina, magazi ali chuchuchu. Anaponya miyala mkati, anakuwa, anamenya masamba ndi zibonga. Ine ndinaima pambali ndikupemphera kuti mayi uja asatsokomole.

"Tiotche," anatero tcheyamani. "Ngati muli munthu, atuluka yekha."

A Msiska anayang'ana kumwamba, n'kuyang'ana nsonga za mitengo. "Bambo tcheyamani, ndi mphepo iyi moto ulowa m'nkhalango ya boma, ndipo mlandu umenewo udzakhala wa ine ndi inu. Tiotche mawa m'mawa mphepo isanadzuke. A Mbewe alambule m'mbali lero, ndipo mawa ayatsa ndi iwo."

Tcheyamani anavomera monyinyirika. Anasiya anyamata ena pamphambano kumunsi kwa nazale kuti munthu asatsike osaonedwa. Atachoka, a Msiska anayenda nane pang'ono. Sanandiyang'ane kumaso. Anati, "Musanayatse mawa, muonetsetse kuti mulibe chamoyo. Malamulo a ntchito yathu salola kuotcha nyama." Anatembenuka n'kupita ku ofesi.

Ndinabwerera kunyumba. Njira zinali zochepa. Kukana kuyatsa kunali kudziulula ndekha. Kuwauza kuti adzipereke, ndinkadziwa chimene anyamata aja ankachita ndi akazi, ngakhale apakati. Yelemiya akanatha kukwera mtunda n'kudutsa m'nkhalango kutulukira kuseri kwa phiri, koma Esinati sakanafika ngakhale theka. Malo oyandikira kumene akanafika anali amodzi okha, nyumba yathu. Ndinafotokozera amayi anu zonsezi ndikuzungulira pabwalo.

"Taimani malo amodzi," anatero. "Mukundiuza kuti ndisankhe ine?"

"Ndikukufunsani."

"Akatipeza naye, inu akutengani, ndipo sitidzadziwa kumene muli. Ine nditsala ndi ana atatu m'nyumba ya boma imene andithamangitsemo tsiku lomwelo. Mwaziganiza zimenezo?"

"Ndaziganiza."

Anayang'ana ana, Luwisi akusewera ndi azing'ono ake pakhonde. Kenako anatenga chikwanje ndi chingwe chomangira nkhuni. "Mwamunayo mukamuuze ndinu kuti achoke. Mkaziyo ndikamutenga ndine."

Kulekanitsa anthu awiri aja ndiyo ntchito yovuta kuposa zonse zimene ndinagwirapo. Yelemiya anakana. Anati alowa naye limodzi m'nyumba mwathu, kapena afera limodzi pathanthwepo. Ndinamuyankhula mwaukali umene sindinayankhulepo munthu wina. Ndinati mkazi wapakati tingamutche mlamu wanga, koma iye nkhope yake ikudziwika kuyambira ku Malomo mpaka ku boma, ndipo akalowa m'nyumba mwanga wapha ana anga. Analira ngati mwana. Esinati anamugwira dzanja n'kunena kuti, "Pitani, bambo. Ndikupezani." Ndinamuonetsa mtunda woti atsate, n'kumupatsa jekete langa. Anakwawa kutuluka, anatembenuka kamodzi, n'kulowa m'mitengo. Dzuwa lisanalowe, amayi anu anatsika ndi mtolo waukulu wa nkhuni, pambuyo pawo mayi wina atasenza kamtolo kakang'ono, atafunda chitenje kumutu, akuyenda pang'onopang'ono. Ine ndinatsala ndikufafaniza mapazi ndi kutola chilichonse pathanthwe paja, kenako ndinaitana antchito kuti tilambule m'mbali.

M'mawa tinaunjika udzu wouma kuzungulira khwawa, ndipo ndinayatsa ndi dzanja langa. Chaminga sichipsa msanga. Chinafuka utsi wakuda, masamba akufota ndi kupindika, makoko a mbewu akuphulika thethethe mbali zonse. Anyamata anazungulira ndi zibonga zawo akudikira. Munatuluka mbewa ndi njoka imodzi. Moto utazilala analowa n'kutokosa phulusa mpaka pathanthwe, osapeza kanthu. Tcheyamani anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "A Kapitawo, mukuoneka ngati simunagone." Ndinati ndikudandaula chitsamba changa, pakuti ndi mmene tinkatenga mbewu ya mpanda. Limenelo silinali bodza lonse.

Inu ana tinakuuzani kuti kwabwera amayi aang'ono ochokera kwawo kwa amayi anu, ndipo anthu a panazale tinawauza chimodzimodzi. Kaya anakhulupirira kaya ayi, palibe anafunsa. Pasanathe sabata Esinati anachira mwana wamkazi m'chipinda chathu, mzamba wake ali amayi anu okha, ine ndikuzungulira nazale ndi keni yopanda madzi m'manja. Kuchipatala sitikanapita naye. Anali munthu wofatsa, wosavuta, wothandiza ntchito atangopeza mphamvu, koma kukhala naye kunali ngati kusunga khala lamoto m'thumba. Bodza sankanena. Mkazi wa wothirira wina atabwera kudzaona mwana n'kumufunsa za kumudzi, iye anangokhala chete mpaka amayi anu analowererapo n'kunena kuti mng'ono wawoyo samva bwino khutu limodzi. Ine kudya kunandikanika. Ndinkakwera kukhwawa lopsa lija popanda chokachita, ndinkatsika kumsewu, ndinkabwerera kunyumba kudzaona ngati chitseko chili chotseka. Lamba ndinaboola mabowo atsopano. Tcheyamani anadutsanso kawiri, akuti akungocheza.

Mvula yoyamba itagwa, a Msiska anandiitana ku ofesi. Anati apempha kuti ndisamutsidwire ku Madisi, ndipo zavomerezedwa. Ndinati ku Madisi n'kotentha, kulibe phiri, ndipo mpanda wathu sunathe. Anati akudziwa. "Kuno anthu ayamba kukuyang'anani kwambiri, a Mbewe. Akamayang'ana inu, ayang'ananso ine, ndipo ine ndine wobwera. Lole ibwera Lachisanu kudzatenga katundu wanu ndi banja lanu." Anaima pang'ono n'kuwonjezera kuti, "Banja lonse." Sindinawathokoze, chifukwa kuthokoza kukanakhala kuvomera. Tinangogwirana chanza.

Ulendo wa ku Madisi

Dalaivala wa loleyo anali a Yusufu, bambo wachikulire wovala kachipewa koyera, wosakonda nkhani. Ine ndinakhala kutsogolo. Amayi anu, inu ana ndi Esinati ndi khanda lake munakhala kumbuyo pakati pa mipando, mphasa ndi matumba a chimanga. Tisananyamuke ndinamva amayi anu akumuuza kuti, "Inu pakamwa panu patsekedwe mpaka tikafike. Wina akakufunsani kanthu, muziyang'ana mwana." Esinati anati, "Akandifunsa ine mwini, mayi, sindinama." Amayi anu anati, "N'chifukwa chake ndikuti mukhale chete."

Msewu unali woterera ndi mvula, ndipo tinayenda pang'onopang'ono. Tinadutsa pa boma bwinobwino. Tili pakati pa ulendo, pamlatho wina, tinapeza mtengo utapingasa msewu ndi anyamata a chipani atakhala m'mbali. A Yusufu anaonetsa khadi lawo, ine langa. Ndinati ndine wa boma, ndikusamuka ndi banja. Mnyamata wina wamtali, wa ndevu zongoyamba kumera, anazungulira n'kukwera pa tayala la kumbuyo. Ndinatsika n'kumutsatira. Amayi anu anamuonetsa khadi lawo. Iye analoza Esinati.

"Nanga awo?"

"Ndi mng'ono wanga, wangochira kumene. Khadi lili m'katundumu."

"Alitulutse. Mayi, khadi lanu lili kuti?"

Ndinaona Esinati akudzutsa mutu, milomo ikuyamba kutseguka. Amayi anu anam'tsomphola khanda lija m'manja n'kulitambasulira kwa mnyamatayo, mpaka kum'gunda nalo pachifuwa.

"Gwira mwanayu kuti mayi ake amasule katundu. Gwira! Koma ndikuuziretu, mwanayu wangotuluka m'chikuta, sanatengedwe. Ngati wagona kwa mkazi masiku ano, usam'khudze. Akakatupa, ndidzafunsa kwanu mpaka ndidzawapeze amayi ako."

Mukudziwa mwambo wathu, kuti khanda lotere likagwiridwa ndi munthu wotentha, amene wakhala malo amodzi ndi mkazi, limadwala tsempho, ndipo mlandu wake ndi waukulu. Mnyamata uja anabweza manja kumbuyo ngati waona moto, n'kutsala pang'ono kugwa pa tayalapo. Anzake pansi anayamba kuseka. Wina anakuwa kuti, "Gwira, iwe! Ukuopa chiyani? Unali kuti dzulo?" Onse anafa nacho chiseko. Iye anatsika nkhope ili pansi, akutukwana anzakewo, ndipo wamkulu wawo anakweza dzanja kuti achotse mtengo.

A Yusufu anayendetsa lole n'kupitiriza ulendo. Titatsala pang'ono kufika pa Madisi, kumbuyo anagogoda padenga la lole. Esinati anali atazindikira kanjira kolowera kumadzulo, kopita kumudzi kumene ankadziwako anthu amene akanamuperekeza kumalire. Ndinamuuza kuti akhale nafe mpaka mwana akhwime. Anakana. Anati watisenzetsa zokwanira, ndipo bambo a mwanayo akudikira. Amayi anu anam'berekesa mwana, anam'mangira ufa ndi mtedza pakansalu, n'kum'patsa chitenje chawo chatsopano. Anagwada m'mbali mwa msewu n'kuwomba m'manja, kwa ine, kwa amayi anu, ndi kwa a Yusufu amene anayang'ana kumbali. Kenako anadzuka n'kulowa m'kanjirako pakati pa minda yongobzalidwa kumene. Luwisi analira, akufunsa kuti amayi aang'ono akupita kuti.

Nditakweranso kutsogolo, a Yusufu analiza injini n'kunena, maso ali pamsewu, kuti, "Ine ndanyamula katundu wa a Kapitawo ndi banja lawo, ndipo onse ndakawatsitsa pa Madisi." Ndinati, "Ndi momwemo, bambo."

Za Esinati ndi mwana wake sitinamvenso. Za Yelemiya chimodzimodzi. Nditapuma ntchito ndinapita ku Malomo kukafunsa, ndipo pamene panali shedi yake ndinapeza okala ya munthu wina amene sanamvepo dzina lake. Sindikudziwa ngati anapezana.

Tsiku limenelo titafika panyumba yatsopano, katundu atatsitsidwa, ndinapeza amayi anu atakhala pathumba la chimanga m'chipinda chopanda kanthu. Ankayesa kumanga mpango kumutu koma unkangogwa pansi. Ndinautola n'kuwapatsa. Ndinafuna kunena mawu oyamikira, koma ananditsekereza.

"A Mbewe, masiku aja munkaba mbatata m'nyumba mwanu momwe, mayi uja ankagona pamwala ndi mimba yotopa, ine ndili pompo kumunsi ndi mphasa yosagonera munthu. Mukadzapezanso anthu m'tchire, mudzandiuze tsiku lomwelo."

Ndinavomera. Anamanga mpango wawo, n'kundituma kuti ndikafunse kumene anthu a kuno amatunga madzi.